Amene Alibe Kwawo Akweze Dzanja

Mayi Keziya Namacha ndinawadziwa chifukwa cha utsi. Chinali chaka chotsatira njala ija ya 2002. Ine ndinkakhala pa Kamwendo nditapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kunali chigafa chachitali cha a Jailosi, mmene ankayanikamo fodya wa bale. M'mawa wina m'nyengo yozizira ndinaona utsi ukufuka m'chigafamo. Aliyense wa kuno amadziwa kuti moto suyandikira chigafa, choncho ndinathamanga ndi ndowa ya madzi. Fodya sindinamupeze, anali atapita kale ku okushoni. Ndinapeza anthu. Mabanja angapo anali atayala mphasa pansi pa mitengo yopachikapo masamba, m'mbali atatchinga ndi masaka, ndipo mayi wina wamfupi, wa mapewa aakulu, ankaotcha chinangwa pa mafuwa.

"Mwabwera kudzatizimitsa, aphunzitsi?" anatero mayiyo osadzuka n'komwe. "Tulani madziwo pomwepo, atithandiza. Ndowa tibweza."

Ndowayo sinabwerenso. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chimwalirire mayi Keziya anthu ena ayamba kuwakamba ngati mngelo. Sanali mngelo. Anali ndi pakamwa, ankabwereka zinthu osabweza, ndipo akapsa mtima ankakutukwana mpaka kutchula makolo ako. Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti munthu umuyamikire pa chimene wachitadi basi, osawonjezera. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene anandiuza okha.

Anabadwira pa esiteti ina ya fodya chakumadzulo kwa Kamwendo. Makolo awo anachokera ku Phalombe ali achinyamata, atakwera lole ya kapitawo amene ankasaka matenanti, ndipo onse awiri anafera pa esiteti pomwepo. Keziya anayamba kusoka fodya mano oyamba asanaguluke. Ku Phalombe sanapondeko phazi. Anakwatiwa ndi a Alufeyo, nawonso mwana wa matenanti, amene amayi awo anali a ku Thyolo. Mwa ana amene anabereka, amene anakula anali mmodzi yekha, Luwiza.

Fodya atagwa mtengo, mwini esiteti anagulitsa malowo. Wogulayo sankafuna fodya kapena anthu, ankafuna kuweta ng'ombe. Anatumiza alonda kukagwetsa nyumba za matenanti. Ena anawoloka malire kukasaka maganyu m'minda ya ku Chipata. Ena ankagona m'makhonde mwa masitolo pa Kamwendo, mpaka eni masitolo anayamba kumathira madzi m'makhondemo potseka. A Jailosi ndi amene analola otsalawo kulowa m'chigafa, koma ananeneratu.

"Fodya wanga akayamba kukhwima mu Januwale, chigafa changa ndidzachifuna. Musadzati sindinanene."

Sanali munthu woipa. Fodya sayanikidwa pa mvula, ndipo banja lawo linkadyera momwemo. Ndiye nkhani inali imeneyo: pofika Januwale, mvula ili pakatikati, anthu a m'chigafa akakhala kuti?

M'zaka zimenezo mawu akuti "kuthetsa umphawi" anali paliponse. Anali pa wailesi, pa zitenje, pa zipewa, ngakhale pa zitseko za magalimoto aakulu amene ankatithira fumbi podutsa. Tsiku lina mayi Keziya anandipeza pakhonde ndikumvera wailesi, akukamba za bajeti. Anakhala pansi namvetsera mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi, bajetiyi ndiye chiyani makamaka? Ndimangomva bajeti, bajeti, ngati dzina la mwana."

Ndinawauza kuti ndi mmene boma limagawira ndalama za msonkho, zakuti ku misewu, zakuti ku zipatala.

"Msonkho wake womwe uja amatidula pa sopo ndi palafini?"

"Womwewo."

"Ndiye kuti ndi zathu."

"Amatero."

"Nanga gawo la ife ogona m'chigafa lili pati?"

Sindinkadziwa. Koma mnzanga wina wa ku tchalitchi, wogwira ntchito pa boma, anandiuza kuti ofesi ina kumeneko, imene sinditchula dzina, inalandira gawo la ndalama lopezera malo ndi malata anthu osowa pokhala. Ndinawauza mayi Keziya, ndipo m'mawa mwake anamanga chitenje nauyamba wapansi kupita pa boma.

Anayenda maulendo ambiri. Ulendo uliwonse abwana anali ku msonkhano, pena ku Lilongwe, pena ku Salima, ndipo misonkhano yonseyo inali yokambirana za umphawi. Ankabwerako ndi ma-alawansi ndi zikwama zatsopano zolembedwa kuti "Tithetse Umphawi". Msonkhano wina unachitikira pa nyumba yogona alendo pa boma pomwepo. Mayi Keziya anaima pa mpanda kudikira kuti abwana atuluke, naona operekera zakudya akukhuthulira m'dzenje mpunga ndi nkhuku zongolumidwa kamodzi. Pondiuza, sanakweze mawu ngati mwa masiku onse. Anangoti, "Umphawi wathu ukunenepetsa anthu, aphunzitsi."

Atatopa ndi kugogoda, anasintha njira. Anasonkhanitsa amayi onse a m'chigafa, nasenza mphasa, mapoto ndi ana, ulendo wa pa boma. Atafika anayala mphasa pakhonde pa ofesi ija, nasonkha moto pafupi ndi maluwa, matewera nayanika pa mpanda.

Mlonda anabwera akuthamanga. "Amayi, amayi! Pano si pogona!"

Amene anamuyankha ndi mayi Esitele, mnzawo wa mayi Keziya wa pa esiteti, amene pakamwa pawo pankaposa pa onse. "Ndiye tisonyezeni pogona pakepo, achimwene. Kapena kwanu kuli chipinda? Akazi anu sadandaula?"

Dzuwa lisanafike pamutu, abwana amene ankanenedwa kuti ali ku Salima anatulukira pa chitseko cha kumbuyo. Anali bambo Zakeyu Mtambalika, munthu wa mawu ofewa, wodziwa kugwira dzanja la mayi wosauka ndi manja awiri. Anati boma lamva kulira kwawo, ndipo abwera okha ku Kamwendo kudzaona.

Anabweradi, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine tsikulo ndinali ku maliro ku Ludzi. Pobwerako madzulo ndinapeza mayi Keziya akundidikira pakhonde, nkhope ili ngwee, kuti andifotokozere zonse.

Abwanawo anayamba ndi pemphero. Kenako anati asanakambe zambiri, ndi bwino adziwane. Aliyense anaimirira natchula dzina lake ndi kwawo, monga timachitira tonse. A Alufeyo anati kwawo ndi ku Thyolo. Mayi Esitele anati ku Nsanje. Mayi Keziya anati, "Kwathu ndi ku Phalombe, kunsi kwa phiri la Michesi," phiri limene ankangolimva kwa amayi awo. Anthu amene anali atalandidwa chilichonse anaima mowongoka potchula maina a midzi imeneyo, chifukwa ndi chokhacho chimene alonda a pa esiteti sanathe kugwetsa.

Atatha onse, bambo Mtambalika anati, "Zikomo. Tsono ndalama zimene tili nazo, malinga ndi mmene zinalembedwera m'Chingerezi, ndi za anthu opanda kwawo. Amene alibe kwawo akweze dzanja."

M'chigafa monse palibe amene anakweza dzanja. Munthu wa kuno safunika kumuuza chifukwa chake. "Wopanda kwawo" ndi mawu amene timanenera munthu wamwano, wosaleredwa, wongoyendayenda ngati galu wa pamsika. Munthu akhoza kuvomera pagulu kuti alibe chakudya, alibe chovala, ngakhale kuti mkazi anamuthawa. Koma kuti alibe kwawo, ana ake akumva, pamaso pa alendo, ayi.

A Alufeyo ndi amene anayankha. "Bwana, munthu angakhale wopanda kwawo? Kodi ife tinachita kugwa ndi mvula?"

Anthu onse anaseka, abwananso anaseka.

"Ndiye kuti nonse muli ndi kwanu?"

"Eee, bwana!"

"Zikomo kwambiri, mwatithandiza." Anakwera galimoto amayi akuimba nthungululu.

Mayi Keziya ankandifotokozera zimenezi akusekabe nthabwala ya amuna awo. Ataona kuti ine sindikuseka, analeka.

"Bwanji, aphunzitsi?"

Ndinawauza kuti mawu a Chingerezi amene ali m'bajetimo sanena za mudzi wa makolo. Amanena za munthu wopanda denga pamutu pake, basi.

"Nanga bwanji sanafunse kuti amene alibe nyumba?"

"Mukanakweza manja nonse."

Mayi Keziya anatembenuka nalavula malovu pa maluwa a akazi anga.

Sindikudziwa za mumtima mwa bambo Mtambalika, ndipo sindinamizira munthu. Ndikudziwa ziwiri zokha. Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Ndiponso anali Mmalawi ngati ife, woti akanafunsidwa funso lomwelo pagulu, naye dzanja sakanakweza.

Mayi Keziya atabwerera ku ofesi, anawalandira bwino kwambiri, mpando anawapatsa. Anauzidwa kuti anthu a m'chigafa ananena okha, pamaso pa mboni, kuti ali ndi kwawo, ndipo ofesi yadziwitsa kale a ku likulu kuti m'dera lino opanda kwawo mulibe. Komabe boma silitaya anthu ake. Gawo lina la ndalamazo lilipira lole yowabwezera kwawo. Zotsalazo zipita ku msonkhano wokambirana mmene ntchitoyi yayendera.

"Msonkhanowo ukakhala ku Salima?" anafunsa mayi Keziya.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

Lole inabwera mu Disembala, tsiku la msika, mvula yoyamba itagwa kale. Izi ndiye ndinaziona ndi maso anga. Anadzika tenti pambali pa msewu, naika mipando ndi chimkuzamawu. Anabweretsa amayi ovina ochokera kwina, atavala zitenje zatsopano zofanana. Panali mtolankhani wa pa wailesi ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe. Pa nsalu yaitali analembapo kuti "Kubwerera Kwathu ndi Chitukuko". Banja lililonse linkapatsidwa bulangete ndi ndowa ya pulasitiki, wojambula akujambula, kenako nkukwera. Loleyo inali yonyamula fodya kupita ku okushoni, ndipo anthu ankawasanja mmene amasanjira mabelo, a ku Nsanje mkati chifukwa akatsika pomaliza. Ambiri anakwera osadandaula. Januwale anali pafupi, ndipo munda wa a Jailosi aliyense ankauona mmene unkabiriwira.

A Alufeyo anali atakwera kale, atakhala pa katundu wawo. Mayi Keziya anali adakali pansi, chifukwa a ofesi anawasankha kuti athokoze m'malo mwa anzawo. Anawapatsa choyankhulira. Anachigwira ndi dzanja lamanzere, lamanja nalikweza m'mwamba.

"Bwana, funso lija munafunsa m'chigafa, ndayankha mochedwa. Ine ndilibe kwathu."

Mawuwo anamveka msika wonse. Ogulitsa kaunjika anasiya malonda. Anyamata a kabaza anayamba kuliza mabelu a njinga akukuwa, "Wopanda kwawo! Wavomera yekha!" Amayi ovina aja anagwira pakamwa. Ndinaona anthu amene mayi Keziya ankagula nawo mchere tsiku ndi tsiku akuseka mpaka kugwirana mapewa.

A Alufeyo anaimirira pa lole. "Amake Luwiza, tsitsani dzanjalo! Mukutichititsa manyazi!"

"Manyazi ake ati, abambo ake a Luwiza? Ku Phalombe ndikakafika ndikagogoda khomo la yani? Ndikati ndine mwana wa uje, akandifunsa kuti uje wake uti? Mchombo wanga unagwera pa esiteti paja. Amayi anga agona pomwepo, ng'ombe zikudya msipu pamwamba pawo." Dzanja linali lidakali m'mwamba. "Sekani, mukamaliza mundiuze. Ine ndilibe kwathu, ndilibe nyumba, ndipo ndalama za anthu otero zilipo. Ndazidzera."

Woyendetsa mwambo anayesa kulanda choyankhulira, koma manja amene asoka fodya moyo wonse salandidwa chinthu mwachisawawa. Luwiza, amene pa nthawiyo anali ndi mwana kumbuyo, anapita kukaima pafupi ndi amayi ake nakweza dzanja, nkhope atazolika. Kenako mayi Esitele anatsika pa lole chobwerera m'mbuyo, akutukwana aliyense amene anali m'njira.

"Bulangete sindibweza, bwana, ndanena kale," anatero, nakweza dzanja logwira ndowa.

Mabanja ena ochepa anatsika. Ambiri anakhalabe m'lolemo akuyang'ana kumbali.

Mlendo wa ku Lilongwe uja anawerama kufunsa bambo Mtambalika chinachake, osadziwa kuti mtolankhani wayandikitsa makina ake. Sindikhulupirira kuti anamva chisoni. Ndikuganiza kuti anangoona kuti nkhaniyi imveka pa wailesi dzina lake lili momwemo. Bambo Mtambalika anaimirira, namwetulira, nanena kuti zimene achita mayiwa ndiye demokalase imene timafuna, ndipo onse amene akweza manja apatsidwa malo ndi malata. Amayi ovina anayambiranso nyimbo.

Lole inanyamuka a Alufeyo ali momwemo. Sanatsanzike. Anauza dalaivala kuti iwo atsikira ku Thyolo, kwawo.

Malo anaperekedwadi. Ndi kachigawo ka kuseri kwa msika, moyandikana ndi dzala limene amatayako zinyalala zonse za pa Kamwendo, kumene madzi a mvula amathera. Palibe wina aliyense ankakafuna. Malata anati abwera bajeti yotsatira, chifukwa ndalama za chaka chimenecho zinathera pa lole, tenti, zitenje ndi msonkhano wa ku Salima. Mayi Keziya ndi anzawo anaponda dothi mvula ikuwagwa, nafolera ndi udzu wopempha ndi mapepala a pulasitiki otola pa dzala pomwepo. Mmene a Jailosi ankathyola masamba oyamba, chigafa chinali chosesa. Mabanja amene anakweza manja anagona m'nyumba zawozawo, zodontha, zonunkha dzala, koma zoti palibe mlonda akanabwera kudzagwetsa.

Anyamata a kabaza anatcha malowo "pa Opandakwawo", ndipo dzinalo lilipobe. Kwa nthawi yaitali mayi Keziya akamadutsa pamsika, wina ankakweza dzanja kumbuyo kwawo anzake nkuseka. Iwo ankatembenuka nkumutchulira makolo ake.

A Alufeyo anabwerako anthu atakolola, ataonda, nsapato atazimanga ndi luzi. Ku Thyolo anapeza nkhalamba imodzi yokha imene inkakumbuka dzina la amayi awo, ndipo inawauza kuti malo anatha kalekale, achibale enieni akulimbirana kamunda kosakwana kuyala mphasa. Achibalewo anawasunga m'khitchini kwa kanthawi, kenako anayamba kuwafunsa tsiku lobwerera. Enanso a pa lole ija anabwerera chimodzimodzi, koma malo pa dzala anali atatha, ndipo anawolokera ku Zambia. Tsiku limene a Alufeyo anafika, ine ndinali pomwepo, ndikufunsa za khasu langa limene mayi Keziya anabwereka.

Mayi Keziya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Takulandirani, alendo. Kwanu kuli bwanji?"

"Kuli tiyi," anatero a Alufeyo.

Mayiwo analowa m'nyumba nabwera ndi madzi akumwa, nawapatsa atagwada monga mwa mwambo. Za lole sindinamve akuzitchulanso.

M'zaka zotsatira, ofesi ija inkabweretsa alendo pa Opandakwawo kudzawaonetsa chipatso cha ntchito yake. Ankatsika m'magalimoto atagwira mipango pamphuno, nkujambula zithunzi, nkubwerera. Bambo Mtambalika anakwezedwa pa ntchito napita ku Lilongwe. Ndinamva kuti m'misonkhano ankakonda kukamba za mayi wina wolimba mtima wa ku Mchinji amene iwo anamuthandiza kupeza mawu ake.

Mayi Keziya anamwalira mu 2009 ndi chifuwa chimene anachitenga m'fumbi la fodya. Mudzi woyandikana nawo unapereka malo kumanda, mbali imene amaikako alendo. Pa maliropo mkulu wina wa mpingo, munthu wabwino ndithu, anaimirira kunena mbiri ya malemu. Anayamba monga amayambira onse.

"Malemuwa, mayi Keziya Namacha, kwawo kunali ku Phalombe."

Luwiza anali pansi pakati pa amayi, pafupi ndi bokosi. Sanayankhule, chifukwa mwana wamkazi sayankhula pamaliro a amayi ake. Anangokweza dzanja. Mayi Esitele anakweza lawo. Mkuluyo anaima, nayang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene walakwa. Ku mbali ya abambo, a Alufeyo anadzuka atagwira ndodo.

"Konzani pamenepo, akulu a mpingo. Kwawo n'kuno, kuseri kwa msika."

Mkuluyo anapepesa nakonza. Palibe anaseka.

Mvula inayamba tikuchokera kumanda, ndipo tinathawira m'nyumba ya malemu. Tinakhala mopanikizana mbali imodzi, chifukwa mbali inayo inkadontha, ntchentche za ku dzala zikutitera kumaso. Malata aja mpaka lero adakali m'bajeti yotsatira.